Duku Loyera la aNambewe

Eveless adagwira ntchito ya m'nyumba kwa a Chikaonda ku Area 10 zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo m'zaka zonsezo adaphunziramo chinthu chimodzi chomwe kusukulu saphunzitsa. Bwana akakukalipira umapepesa, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma bwana akati akuchitire chifundo, manga chitenje chako zolimba, chifukwa tsiku limenelo uvutika.

Uthenga udamupeza Lachisanu masana akupukuta mawindo a pabalaza. Adaimba ndi mlongo wake wamkulu, Jobu, kuchokera kumudzi kwawo kuseri kwa phiri la Nkhoma. Amayi awo, aNambewe, adali atangotsikira kulichete atadwala miyezi isanu. Jobu sadali munthu wozungulira nkhani.

"Tiika mawa, mlongo. Ndi kutenthaku thupi silingadikire. Amayi a Chigwirizano akuti awaveka ikamakwana teni koloko. Yunifolomu ija ili kwa iwe, eti?"

Idalidi kwa iye. ANambewe adakhala mayi wa Chigwirizano, gulu la amayi a mumpingo, zaka makumi atatu, ndipo mayi wa Chigwirizano amapita kumanda atavala zake: siketi yakuda, bulauzi yoyera ndi duku loyera. Siketi idali kumudzi. Koma bulauzi yakale idatha n'kuchapa, makoswe n'kudzamaliza zotsalazo pamodzi ndi duku lomwe. Eveless adawagulira nsalu yatsopano n'kukasoketsa kwa telala wa pakhonde ku Old Town. Atakawayesa pa Pasaka, bulauzi idapezeka yaikulu m'mapewa, duku nalo losapinda bwino m'mphepete, choncho adabwerera nazo kutauni. Kenaka matenda adawagoneka amayiwo, kutchalitchi osapitanso, nkhani ya telala n'kuzizira.

ANambewe adali mayi wamasiye amene adakalamba akubwereka. Khasu lobwereka, mtondo wobwereka, mchere wopempha pachikhatho. Sadadandaulepo. Koma tsiku loyesa bulauzi lija adamugwira Eveless pamkono n'kumuyang'ana m'maso.

"Pansi pano ndabwereka zakwana, mwana wanga. Kwa Mulungu ndidzapite ndi zangazanga. Wamva?"

Adamva. Choncho asadalire n'komwe adaponya chiguduli pansi n'kuthamangira ku Old Town. Telala, monga mwa atelala onse a pansi pano, adali asadaigwire bulauziyo, ndipo adachita kuifukula pansi pa mulu wa mayunifolomu a sukulu. Eveless adamuimirira pamutu mpaka adamaliza, dzuwa litapendekera kale. Minibasi yokafika kwawo nthawi imeneyo kudalibenso. Adabwerera ku Area 10, nachapa zovala ziwirizo, naziumitsa ndi ayironi mpaka kuyera kwake kumalasa m'maso. Adazipinda bwinobwino, bulauzi pansi duku pamwamba, n'kuziika m'jumbo yatsopano, jumboyo n'kuilowetsa m'chikwama. Maganizo ake adali oti mbandakucha umupeze kudepoti, kuti ikamakwana eyiti akhale atafika.

Apa m'pamene chifundo chidamupeza. Madam Deborah, mkazi wa bwana wake, adalowa m'chipinda chositiramo, naona zoyerazo zisadalowe m'jumbo, namva nkhani yonse dzanja lili pachifuwa.

"Shemu, Eveless! Ndiye ukuti minibasi? Ayi, ayi, ayi. Ife mawa tikulowera komweko. Tikakusiya pakhomo penipeni."

A Chikaonda ankamanga loji m'tsinde mwa phiri ku Dedza. Denga lidali lisadafoleredwe, koma madam adali atayamba kale kugulitsa maulendo. Nzeru yawo idali yoti alendo ogona kumeneko azitengedwa pagalimoto kukaona malo okongola, kunyamuka m'mawa kubwerako madzulo: mapanga a zojambula zamakedzana ku Chongoni, msewu wokhotakhota wotsikira ku Golomoti, ndi phiri la Nkhoma. Chidatsala ndi zithunzi zokopera anthu pa intaneti. Loweruka limenelo lidali la Nkhoma, ndipo ankatenga mnzawo wa kuofesi, Tusekile, mwini kamera.

"Sikisi koloko ndendende tikhala tili pamsewu," adatero madam. "Iwe ungolawira utikazingire nkhuku ndi tisamusa, basi."

Akadakana. Koma kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo Eveless adasowa poiviika. Munthu wakupatsa galimoto yaulere, uti chiyani? Komanso tisamuyeretse kwambiri mwana wa aNambeweyu. Pansi pa mtima pake padali kachinthu komwe kadakondwa. Adadziona akutsika m'chigalimoto chasiliva chija mudzi wonse ukupenya, kuti aja ankabwereketsa amayi ake mtondo atakwinya nkhope aone kuti mwanayo sadatayike kutauni. Adavomera, nathokoza kawiri konse.

Sikisi koloko idakwana nkhuku itapsa, tisamusa tili m'bokosi, Eveless ali pasitepe ya kukhitchini chikwama chili pamiyendo. M'nyumba mudali zii. Seveni idakwana bwana mwini, a Davison, akutuluka ndi kabudula ndi kapu ya tiyi. Adayamba kuzungulira galimoto, akumenya matayala ndi phazi ngati munthu wogula ng'ombe pamsika. Madam adali m'kati akusankha chipewa. Adayesa zitatu, ndipo chilichonse ankasuzumira nacho pawindo kufunsa Eveless ngati chikuwakhala. Munthu amayi ake ali gone pamphasa, n'kumafunsidwa za zipewa! Adayankha kuti zonse zikuwakhala.

Adatuluka pageti itatsala pang'ono kukwana eyiti, nthawi yomwe minibasi ikadakhala ikumutsitsa pa Nkhoma. Atafika ku City Centre bwana adakhota, akuti adaiwala tchaja ya foni ku ofesi. Loweruka kumeneko kumakhala phee, alonda okhaokha ndi maluwa a jakaranda oyoyokera m'misewu. Madam adati maluwawo sangawasiye, natsika kukadzijambula, kuyang'ana uku, kuyang'ana uko, milomo ataisongola. Kuchoka apo adalowera ku Area 3 kukatenga Tusekile, n'kumupeza ali m'bafa.

Tusekile atatuluka adalowa m'galimoto ndi fungo la perefyumu lomwe lidamugwira Eveless pakhosi.

"Ndamva za mami ako, sole kwambiri. Anali ndi zaka zingati?"

"Sevente-thuu."

"Aa, ndiye anadyako bwino. Amenewo si maliro, ndi selebulesheni. Deborah, chikwamachi chipite kumbuyo, kamera yanga siikhala pansi."

Chikwama chidachoka pamiyendo ya Eveless n'kukalowa m'buti, pafupi ndi bokosi la zakudya.

Pamlatho wa Lilongwe padali pothithikana monga mwa masiku onse, magalimoto, makabaza ndi anthu onyamula mitolo, aliyense akulimbirana kampata komweko. Galimoto idakwawa mpaka pafupi ndi msika, pomwe oitanira ankakuwa, "Nathenje, Kamphata, Nkhoma! Mmodzi yekha!" Dzanja la Eveless lidapita lokha pachitseko. Koma chikwama chidali m'buti, ndipo kuti achitenge adayenera kuwauza madam m'maso muli gwa kuti chifundo chawo chamukwana. Adabweza dzanja. Bwana adaimanso pasitolo ina kugula ayisi ndi botolo la vinyo wofiira, akuti chithunzi cha pikiniki chopanda vinyo sichikopa mzungu.

Foni idalira itadutsa hafu naini. Adali Jobu.

"Uli pati? Amayi a mpingo afika kale, akusambitsa."

"Tadutsa Nathenje, achimwene," adatero Eveless, maso ali pa zikwangwani za pa Biwi, tauni isadathe n'komwe. Bodzalo lidamusiyira kuwawa m'kamwa. Kunamiza mlongo wake pa maliro a amayi awo, pofuna kubisa manyazi a anthu omwe okha adalibe nawo manyazi!

Atatuluka m'tauni bwana adatsegula nyimbo. Madam adacheuka, naona nkhope ya Eveless, n'kuchepetsako pang'ono, kachepetsedwe koti mwini wake yekha ndiye adadziwa kuti wachepetsa. Tusekile adafukula mwendo wa nkhuku. Ankatafuna pakamwa pali yasa, mafuta akutsikira m'zikhadabo zake zazitali zopaka, iye n'kumazinyambita chimodzichimodzi. Nkhukuyo Eveless adaikazinga yekha, koma atamva fungo lake m'galimoto yotsekedwa ija, litasakanikirana ndi perefyumu, adatembenukira kuwindo. Adakana atamupatsa. Chiyambire dzulo adali asadaike kanthu m'kamwa.

Chomwe chidamupweteka koposa n'chakuti sadathe kulira. Misozi inkafika, koma maliro a amayi ako ungalire bwanji pampando wachikopa wa eni ake, pambali pako munthu akuphwanya fupa? Adaimeza yonse.

Kutsogolo ankakambirana za maulendo awo. Madam adati azungu sakonda phiri lokha, amafuna pakhale kamudzi, tinyumba taudzu, mwina ndi mayi wosenza nkhuni. Ndipo atangodutsa Nathenje, wa nkhuniyo adapezekadi, mayi wokalamba wopanda nsapato, khosi litalowa m'mapewa chifukwa cha mtolo. Bwana adaima. Tusekile adatsitsa galasi n'kumujambula kasanu, osamupatsa ndi moni womwe. Mayiyo adangoima, osadziwa ngati akufunsidwa njira. Eveless adabisa nkhope ndi mpango. Msinkhu wake ndi kayendedwe kake, mayiyo adali ngati amayi ake enieni.

Pa Kamphata adakhotera kumanzere, phiri n'kuyamba kukula kutsogolo kwawo. Kwa Eveless limeneli lidali phiri lotolako nkhuni ndi lochokerako anyani oba chimanga, ndipo ataliona mtima udatsikako pansi, poti kwawo kudali kuseri kwake komweko. Nthawi idali hafu teni. Adachedwa kale, koma akadafikabe.

"Davison, imani! Imani pompano! Taonani vyuu, kukongola kwake!"

Adali madam, atatsala pang'ono kutulukira pawindo. M'mbali mwa msewu mudali mwala waukulu wathyathyathya, phiri lonse likuoneka kumbuyo kwake.

"Madam, pepani," adatero Eveless. "Kunyumba akundidikira. Amayi sanavekedwe."

"Teni minitsi yokha, Eveless. Ulendo wonsewu tabwerera phiri limeneli."

"Komanso maliro a kumudzi ndi liti anayamba pa nthawi yake?" adawonjezera Tusekile akutsika.

Eveless adanyamula bokosi la zakudya kukaika pamwala, nabwerera kukatenga matambula ndi mbale, akuchita chothamanga kuti zithe. Madam adasanthula m'bokosi, kenaka adaimika manja m'chiuno.

"Nsalu ya patebulo ili kuti?"

"Simunanene, madam."

"Chilichonse ndizichita kunena? Ndiye mbalezi tiyale pamwala wa zitosi za mbuziwu?"

Tusekile adasuzumira m'kamera n'kupukusa mutu. Adati chithunzicho chikusowanso kanthu kakumudzi, ndipo pakona yomwe adadutsa paja adaonapo amayi ogulitsa masuku. Madam adatulutsa ndalama n'kumupatsira Eveless.

"Thamanga. Ukangobwera tinyamuka."

Eveless adayang'ana msewu mbali zonse. Wakabaza padalibe ndi mmodzi yemwe, ndipo wapansi kukafika kwawo padali pa maola awiri. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Adakwinya chitenje n'kuyamba liwiro, phula likumuotcha kudutsa m'masilipasi. Kona ija pagalimoto idaoneka ngati pafupi, koma ndi miyendo idali mtunda. Akuthamanga choncho adawatukwana onse atatu chamumtima, mawu oti amayi ake akadawamva akadamutsuka m'kamwa ndi phulusa.

Adabwerera thukuta lili kamukamu, masuku ali m'manja, napeza zodabwitsa. Pamwala padalibe kanthu. Zonse zidali zitalongedzedwa, buti yotseka, bwana ali kale pachiwongolero injini ikulira. Masuku aja palibe adawafunanso. Nyimbo idali itazimitsidwa. Tusekile ankayang'ana kunja, madam ankayang'ana foni.

"Lowa, Eveless, lowa," adatero madam mofatsa. "Davison, thamangani, mnzathuyu wachedwa."

M'galimoto munkanunkha vinyo, koma Eveless sadasamale. Adachita manyazi ndi matukwana aja. Adadziuza kuti anthuwa mtima ali nawo ndithu, kungoti kukhuta kumawaiwalitsa.

Adasiya phula n'kulowa msewu wafumbi wozungulira phiri. Atafika pomwe adayala masamba pamsewu kusonyeza maliro, bwana adachepetsa liwiro, nyimbo ya amayi n'kuyamba kumveka. Nthawi idali itadutsa hafu leveni. Anthu adali atadzaza, abambo pansi pa mitengo, amayi a Chigwirizano atazungulira nyumba, maduku ali mbee. Mitu yonse idacheukira kugalimoto, monga momwe Eveless adafunira dzulo lija, koma tsopano sadamve kukoma kulikonse.

"Eee, taonani zoyerazo ndi phiri kumbuyo!" adanong'ona Tusekile, foni itaimirira kale pawindo.

Eveless sadadikire kuti galimoto iime bwino. Adatsegula buti, nasolola chikwama, ndipo phazi lake litangoponda bwalo lomwe adakulirapo, kulira komwe adakumeza kuyambira ku Area 10 kudaphulika.

"Amayi ine! Amayi ine!"

Amayi awiri adamugwira m'mikono n'kumulowetsa m'nyumba. Kunja Jobu ndi abambo ena ankathamanga ndi mipando yoti akhalepo mabwana.

M'chipinda mudali mdima ndi kutentha. ANambewe adagona pamphasa atasambitsidwa, siketi yakuda atavekedwa kale, kumtunda atawafunditsa chitenje. Bokosi lidali pambali, lotsekula. Kumutu kwawo kudakhala aNaphiri, mtsogoleri wa amayi a Chigwirizano, amenenso adali mnzawo wa malemuwo kuyambira utsikana. Adamusiya Eveless alire pang'ono, kenaka adamugwira paphewa.

"Basi, mwanawe, ulira bwino tikamaliza. Abusa afunsa katatu, adzukulu kumanda akudandaula. Ena amati tiwaveke zina. Ine ndakana. Mnzangayu anandiuza ndi pakamwa pake kuti zake zili kwa Eveless. Bweretsa."

Eveless adatulutsa jumbo ija n'kuipereka ndi manja awiri. ANaphiri atasolola duku, Eveless adadabwa, chifukwa kapindidwe kake sikadali kake. Iye amapinda makona kukumana bwinobwino. Ili lidali lokulungidwa mothamanga, ndipo linkalemera ngati nsalu yonyowa.

ANaphiri adalitambasula.

Pakati penipeni padali chibanga chofiira moderako, chachikulu kuposa mbale, chikadali chonyowa. Pambali pake padali timizere tozungulira pomwe padakhala botolo ndi matambula, ndi zidindo za zala za mafuta a nkhuku. Kuseri kwake kudamatirira dothi ndi zitosi za mbuzi. Adalikulunga lisadaume n'kuliika pamwamba pa bulauzi, choncho kufiirako kudalowerera mpaka pachifuwa pa bulauziyo. Fungo lidadzaza chipinda chonse.

Eveless adamvetsa zonse nthawi yomweyo. Nsalu ya patebulo idasowa, iye adatumidwa masuku, chikwama chake chidali m'buti. Kufatsa konse kuja, nyimbo yozimitsa ija, kudali kubisa chimenechi.

Amayi omwe ankaimba pakhomo adatsitsa mawu mmodzimmodzi mpaka nyimbo idazima. ANaphiri adabweretsa duku pamphuno, nalibweza msanga.

"Uwu ndi mowa."

ANambewe chibadwire sadalawepo mowa. Ngakhale chaka cha njala, ophika kachasu atabwera kudzagula madeya, adawabweza pakhomo. Tsopano maso onse m'chipindamo adali pa Eveless, ndipo iye adadziwa zomwe ankaganiza, zomwe amayi a kumudzi amaganiza za atsikana a kutauni. Pakawindo kakang'ono adawaona madam atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili pamiyendo, nkhope ataigwetsa mwachisoni kuposa aferedwa eniake.

Mayi wina adati ayese kuchapa msangamsanga. Adabweretsa madzi ndi sopo, koma sopo atangokhudza, banga lidasanduka lobiriwira modera n'kufalikira. Chitseko chidagogodwa. Adali Jobu, akuti abusa ati dzuwa lakwera, mwambo uyambe.

ANaphiri adayang'ana nkhope ya mnzawo. Kenaka adakweza manja n'kumasula duku lawo, imvi n'kuonekera. Adamasula mabatani a bulauzi yawo limodzilimodzi, naivula, namanga chitenje m'khwapa. Adazipinda ziwirizo n'kuziika m'manja mwa Eveless.

"Aveke. Mwana wawo ndiwe."

Bulauziyo idali yofunda ndi thupi la mwini wake, m'khwapa muli monyowa ndi thukuta. Eveless adailowetsa m'mikono youma ya amayi ake, wina atamuthandiza kudzutsa thupi, namanga mabatani. Adawamanga duku monga ankamangira okha, mfundo kumbuyo. Sadathe kuwayang'ana kumaso. Atawaika m'bokosi, anthu adaona nkhope, wokhoma misomali n'kuyamba ntchito yake.

Kunja mwambo udayamba. Pa nthawi ya mawu a kubanja adaimirira Jobu, yemwe sadadziwe kanthu za m'chipinda muja. Adathokoza mpingo, adathokoza mudzi, kenaka adatembenukira pansi pa mtengo wa mango.

"Ndithokozenso mabwana a mlongo wangayu. Asiya ntchito zawo ku Lilongwe, awotcha mafuta awo, kumubweretsa mpaka pakhomo. Masiku ano mabwana otere ndi osowa."

Anthu adavomereza ndi kung'ung'udza, ena akugwedeza mitu. Madam adawerama modzichepetsa. Tusekile adapukuta diso ndi nsonga ya chikhadabo.

Ulaliki usadafike pakati, mabwana adanyamuka mwakachetechete kupita kugalimoto, madam n'kumukodola Eveless. Adapita, jumbo yonyowa ija ili m'khwapa, poti adachita manyazi kuisiya m'nyumba.

"Ife tithamange, Dedza ndi patali," adatero madam chapansipansi. "Kansalu kaja kadetsedwa pang'ono, Tusekile anagunda botolo. Sitinafune kukudandaulitsa uli pachisoni. Ubwere nako tikaviike m'mankhwala, kayera. Ukhale mpaka Lachiwiri, usadandaule za ntchito."

Kansalu. Dzulo lomweli mayi ameneyu adaima m'chipinda chositiramo, naliona duku ndi maso ake, namva lomwe lidali, dzanja lili pachifuwa. Adadziwa. Adangoona kuti mwala ndi wakuda ndipo nsaluyo ndi yoyera.

Eveless adali ndi mawu odzaza m'kamwa. Koma anthu a pansi pa mitengo ankapenya, Jobu ankapenya, ndipo zaka zisanu ndi ziwiri si masewera. Adangozindikira mawondo ake akupinda okha mpaka kugunda fumbi.

"Zikomo, madam. Muyende bwino."

Galimoto idatembenuka, n'kuwasiyira fumbi olira maliro. Eveless adadzuka n'kuzungulira kuseri kwa nkhokwe, komwe adasanza. M'mimba mudalibe kanthu, padangotuluka madzi owawa. Adalavula kangapo, koma zikomo uja sadachoke palilime. Anthu aja adamunyansa, koma iye mwini adadzinyansa kuposa.

Pomwe ankabwerera, bokosi lidali litanyamulidwa. Amayi a Chigwirizano adandanda kutsogolo mizere iwiri, oyera okhaokha, akuimba. Malo a mtsogoleri wawo adali opanda munthu. ANaphiri ankayenda kumbuyo kwenikweni kwa gulu, atavala malaya ofwifwa omwe wina adawapatsa, kumutu atakulunga chitenje, poti wopanda yunifolomu salowa mumzere. Eveless adawalondola mpaka adafika pambali pawo.

"Amayi, mowa uja si ine."

"Ndikudziwa, mwanawe. Ndawapatsa moni mabwana akowo, mphuno ndili nayo."

ANaphiri adaponya maso pabokosi lomwe linkagwedezeka pamapewa a anthu.

"Koma amako anasungitsa iwe. Sanasungitse iwo."

ANaphiri adafulumiza kuyenda kuti akafike kumanda pamodzi ndi mnzawo, Eveless n'kutsala yekha kumbuyo, jumbo ikumunyowetsa m'khwapa.